Diresi Lobiriwira la Amayi Aakulu

1

Kusaluni kumene ndimaluka tsitsi amanditchula kuti Wailesi. Sindikwiya nalo dzinali, poti ndi zoona. Nkhani ikalowa m'khutu mwanga m'mawa, pofika masana imakhala yatuluka kale pakamwa, itavala ndolo ndi nsapato. Sukulu ndinalekeza panjira mayeso atandikana kawiri, koma akanati azifunsa za anthu a mumsewu mwathu, bwenzi pano ndili dokotala.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi. Ndipo ndine amene ndinagwetsa nyumba ya kwathu. Sindinatenge moto kapena nkhwangwa ayi. Diresi limodzi basi, ndi pakamwa pangapa.

Mukudziwa mmene zavutira chaka chino. Zovala zimene tinkaseka pa zithunzi za makolo, lero ndi zomwe atsikana tikulimbirana pakaunjika mpaka kukandana. Mathalauzi otambalala kunsi osesa msewu, nsapato zokhuthala ngati njerwa, ndolo zazikulu zoti mwana wa mphaka n'kudutsamo. Kusaluni, anthu omwe dzana ankalira kuti tiwawongole tsitsi ndi mankhwala, lero akuti, "Lipeseni lifufume ngati la pa chithunzi cha ukwati wa amayi." Koma mfumu ya zonse ndi diresi la mapewa otukuka, lija amaika masiponji m'mapewa kuti munthu uzioneka ngati ukupita kukamanga wina.

Tsiku lina Amadamu, eni ake saluni, anaomba m'manja.

"Atsikana, Loweruka lomaliza la mwezi uno kubwera wojambula. Aliyense avale zamakedzana. Amene atchene kuposa onse, chithunzi chake ndichimata pachitseko, aliyense wolowa azimuona."

Kandulo, mnzanga woluka naye, wowonda ndi woyera ngati dzina lakelo, anali atagula kale diresi lofiira la mapewa ngati mapiko a ndege.

"Nanga iwe Wailesi uvala chiyani?" anandifunsa. "Eriyo?"

Saluni yonse inafa nalo phwete. Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati: seka lero, mwana wa eni, tionana Loweruka.

2

Kwathu tilipo anayi. Ababa, amene amawotcherera mageti ndi mawindo mushedi ya m'mbali mwa msewu. Amayi, kalaliki wa muofesi. Ine, mwana mmodzi yekha, wobwera mochedwa atandidikira zaka zisanu ndi zitatu. Ndi Amayi aakulu, akulu awo a Amayi, amene amagona kuchipinda cha kumapeto.

Amayi aakulu sanakwatiwepo. Mwana alibe. Ndi owonda ngati mpini wa tsache, ndipo zovala zawo ndi za mitundu iwiri: zotuwa, ndi zotuwa kwambiri. Zaka makumi awiri akhala akuphunzitsa pasukulu ya mkaka ya kuseri kwa msika, ana makumi anayi, ndipo mwana wolira chotani, iwo akangomunyamula amatonthola ngati amuzimitsa. Sukuluyo ndiye mwamuna wawo, ndiye mwana wawo.

Amene ankandidabwitsa ndi Amayi. Kuofesi amakalipira amuna a ndevu zawo, koma Amayi aakulu akangotsokomola, iwo amaimirira. Ababa ankakonda kuseka kuti, "Nyumba ino ili ndi abambo awiri. Ine ndine wachiwiri."

Musati ndinangoyamba n'kuba. Ndinafunsa kaye mwaulemu.

"Amayi, pa utsikana wanu munkavala zotani? Palibe kadiresi kamene munasunga? Ngakhale chithunzi?"

Anali akutsuka makapu. Kapu imodzi inawapulumuka n'kugwera m'beseni.

"Zithunzi zinanyowa ndi mvula. Zovala tinagawa. Usandifunsenso."

Munthu ngati ine ukamuuza kuti asafunsenso, wamulemba ntchito.

Pansi pa bedi la Amayi aakulu pali bokosi lachitsulo. Kiyi wake amabisa m'nsapato yakale pamwamba pa kabati. Ndinadziwa kalekale, poti wosesa m'chipindamo ndine. Lolemba onse atapita kuntchito ndinalitsegula. Fungo la timibulu tothamangitsa njenjete linandimenya m'mphuno. Mabulangete, mapepala, ndipo pansi penipeni, chinthu chokulungidwa m'nyuzipepala yofiirira ndi ukalamba.

Abale inu! Diresi lobiriwira ngati tsamba la mvula yoyamba. Mapewa ali njo. Kolala yosongoka, mabatani agolide kuchokera pakhosi mpaka pamchombo. La Kandulo lija pafupi ndi ili linali chokolopera. Timalupu ta lamba tinalipo, koma lamba panalibe. Pambali pake panali kachipewa ka khanda koluka ndi ulusi wachikasu, kochepa moti chibakera changa sichikanalowamo. Ndinati kaya n'ka chidole cha kusukulu, n'kukabwezera.

Ndinaliyesa pomwepo. M'mapewa ndi pachifuwa linandigwira ngati anasokera ine. Koma pamimba! Ine ndi Kandulo tikanalowamo tonse awiri n'kutsala malo a Amadamu. Nanga Amayi aakulu owonda aja ankalivala bwanji?

3

Pakhonde la sitolo ya utoto ndi misomali pamakhala telala wachikulire, mayi, amene timawatchula Amapini. Nthawi zonse amakhala ataluma mapini, ndiye mawu awo amatuluka limodzilimodzi ngati madontho a mpopi wouma. Ine munthu wolankhula motero amandipweteketsa mutu.

"Mundichepetsere pamimbapa, amayi. Ndikulifuna Loweruka lija."

Analitembenuza, kunja kukhala m'kati, monga amachitira matelala, n'kuliyala pamakina. Anakweza magalasi. Chala chawo chinayenda pamsoko wa m'mbali pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata.

"Ndi la ndani?"

"La kwathu. La Amayi aakulu."

"Aphunzitsi aja?" Anachotsa pini imodzi. "Tabwera uone."

Ndinawerama. Pambali pa msoko panali timabowo ta singano tondondozana m'mizere. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, uliwonse kufupi ndi mphepete mwa nsalu kuposa unzake.

"Singano siiwala," anatero. "Nsalu imasunga zipsera ngati khungu. Diresi ili linakulitsidwa katatu. Apa. Kenako apa. Nsalu itawathera, anadula lamba wake n'kulumikiza apa. Umu ndi mmene timakulitsira diresi la munthu woyembekezera."

Mtima wanga unagunda ngati nyundo ya Ababa. Amayi aakulu! Pakati! Kachipewa kachikasu kaja!

Amapini anali atasunthira chala chawo pachifuwa pa diresi, tsinya lili pamphumi.

"Koma apa... mm-mm. Dikira, mwanawe."

Anayamba kuchotsa mapini pakamwa. Imodzi, kuibaya pakapilo. Ina, kuibaya pakapilo.

Kudikira? Ine? Nkhani inali ikundiwotcha lilime. "Ndibweranso!" ndinakuwa, ndili kale kutsidya kwa msewu.

4

"Kandulo, lumbira kuti suuza munthu."

"Ndikauza munthu ndife."

Ndinamunong'oneza. Koma kunong'ona kwa Wailesi mukukudziwa. Pampando wapakona panali Amake mapasa, mutu uli m'chowumitsira tsitsi. Ine ndinkayesa makinawo akulira m'makutu mwawo. Osadziwa kuti magetsi anali atangozima. Ndipo mapasa awowo amaphunzira kwa Amayi aakulu.

Anatulutsa mutu pang'onopang'ono ngati kamba.

"Wati aphunzitsi anali ndi pakati? Nanga mwanayo ali kuti?"

"Kaya," ndinatero. Ndikanalekera pomwepo. Koma maso onse anali pa ine, ndipo amene sanalawepo sadziwa kutsekemera kwake maso onse akakhala pa iwe. Ndinawonjezera: "Katsala n'kachipewa kokha. Anakabisa pansi pa bokosi."

Lachiwiri nkhani inkati aphunzitsi anabereka mwana n'kupatsa anthu. Lachitatu inkati anamusiya pamalo okwerera basi. Pofika Lachisanu, mtsikana wina amene sindinamuonepo, ndikumuluka, anandiuza ine mwini nkhani kuti:

"Mwamva za mphunzitsi wa kuseri kwa msika? Ati anapotokola khosi khanda lake n'kuliponya m'chimbudzi. Ati n'chifukwa chake ana amatonthola akawanyamula. Si chikondi ayi. Ana amaona."

Ndinasiya kumuluka pomwepo.

"Kandulo, unalumbira," ndinamukokera kuseri kwa sinki.

"Ine? Ine ndinangouza mchemwali wanga. Koma wolengeza unali iwe, saluni yonse inamva. Usandipake mamina ako."

Sabata yotsatira ana anayamba kuchepa kusukulu kuja. Makumi anayi. Makumi awiri ndi atatu. Asanu ndi anayi. Wina analemba ndi khala pageti lathu kuti MWANA ALI KUTI? Ababa anafufuta, m'mawa mwake tinapeza alembanso, zilembo zokulirapo. Amapini anatumiza uthenga kawiri kuti ndipite akandione, koma ine ndinkazungulira njira ya kutali kuti ndisadutse pakhonde pawo.

Amayi aakulu ankadzuka nthawi yawo yomweyo, kusita chotuwa chawo, n'kupita. Lachitatu ndinadutsa pasukulupo n'kusuzumira pawindo. Pamkeka panali ana anayi okha. Koma iwo anali atandanditsa timakapu tonse makumi anayi patebulo, akutipukuta kamodzikamodzi.

Kenako kunabwera kalata ya komiti ya makolo. Msonkhano Loweruka, 10 koloko m'mawa. Aphunzitsi adzafotokoze za mwanayo, apo ayi adzasiye makiyi a sukulu patebulo.

Loweruka lomwe lija la wojambula.

5

Lachisanu madzulo tikudya, Ababa anakankha mbale.

"Alamu, ine zauve zimenezi sindizikhulupirira. Koma yankhani, anthuni! Kukhala chete kukuwapatsa mphamvu. Amene anayambitsa bodzali ndikamugwira, ndimuwotcherera milomo ngati geti."

Ndinaweramira m'mbale yanga.

"Alamu, idyani," Amayi aakulu anatero. "Za mawa zidziwa mawa."

Amayi sanakweze maso. Supuni yawo inkangogunda mbale, ngwe, ngwe, ngwe.

Nditachotsa mbale, Amayi aakulu anandiitana kuchipinda kwawo. Bokosi linali pakati pa chipinda, lotsegula.

"Tseka chitseko." Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Diresi lili kuti?"

"Kwa... kwa Amapini."

"Alidula?"

"Sindikudziwa."

Anatseka bokosi lija.

"Mvera. Mawa upite kusaluni ukajambulitse zithunzi zako. Diresi ulisiye komweko kwa Amapini. Kumsonkhano usapondeko phazi. Chimene waswa waswa, usayese kuchimata. Wandimva?"

Ndinagwedeza mutu, koma sindinamvetse. Potuluka ndinakumana ndi Amayi pakhomo. Analowa n'kutseka. Ine mukundidziwa kale. Khutu linali pachitseko asanakhale n'komwe pansi.

"Achemwali, ndisiyeni mawa ndilankhule ine."

"Ukhala chete."

"Akulandani sukulu!"

"Atenge. Zaka makumi atatu ndasenza katunduyu, ndiye iwe ukamutule pamsonkhano wa makolo? Ukhala chete monga tinapanganirana."

Ndinabwerera cham'mbuyo. Ndiye kuti Amayi akudziwa kumene kunapita mwanayo. Ndiye kuti mwina bodza langa lija si bodza.

6

Loweruka sindinapite kusaluni. Ndinapita kwa Amapini. Ndinkafuna kutenga diresilo ndikalitenthe kuseri kwa shedi ya Ababa, lithe ndi timabowo take tonse.

Atandiona analavulira mapini onse m'dzanja. Kanali koyamba kuona pakamwa pawo popanda kanthu.

"Iwe mwana wa pakamwa ngati chule wa dzinja! Ndinati dikira. Wamva theka, wathamanga nalo. Taona tsopano."

Anatulutsa diresi m'jumbo. Anali asanalikhudze ndi sizasi.

"Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo oyembekezera amene ndawasokera sindingawawerenge. Mimba sikula yokha. Mabere amatsogola. Diresi la woyembekezera timayamba kumasula pachifuwa. Tayang'ana apa."

Msoko wa pachifuwa unali umodzi, wosalala, wopanda kabowo n'kamodzi komwe pambali.

"M'manjamu chimodzimodzi. Kumbuyoku chimodzimodzi. Zonse zili mmene anasokera tsiku loyamba. Munthu uyu sananenepe paliponse, pamimba pokha. Tsopano pisa dzanja apa."

Anakweza nsalu ya m'kati ija imakhudza thupi. Kuseri kwake, kutsogolo kwa diresi, kunali thumba lalikulu la nsalu yoyera, losokedwa ndi manja. Ndinapisamo. Ndinatulutsa tizidutswa ta nsalu tamitundumitundu, tonyenyeka, ndi kachidutswa ka siponji.

"Mimba iyi," Amapini anatsitsa mawu, "inali ya nsanza. Ankawonjezera mwezi ndi mwezi. M'diresi umu simunakhalepo mwana."

Ndinalumpha ngati ndapsa. Amayi aakulu sanabereke! Sanaphe munthu! Sukulu yawo ipulumuka, ndipo woipulumutsa ndine! Wotchi ya m'sitolo inkati 10 koloko yadutsa kale. Ndinatsomphola diresi.

"Dikira!" Anandigwira mkono. "Ndakuuza kuti mtima wako ukhale pansi, osati ukalengeze. Dzifunse kaye: munthu amavala mimba ya nsanza chifukwa..."

Ndinapulumuka m'manja mwawo. Kachiwiri.

7

Makolo anali atakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'zibwano. Tsiku lina ndikanaseka. Ababa ndi Amayi anali kumbuyo kwenikweni. Amayi aakulu anaima kutsogolo, pansi pa zithunzi za njovu ndi nthochi zomata pakhoma, makiyi ali m'dzanja.

Apampando a komiti anali akufunsa. "Funso ndi limodzi, aphunzitsi. Munakhalapo ndi mwana?"

"Inde," anayankha osaphethira. "Ndinali naye. Anamwali..."

"Si zoona!"

Ndinali ine, ndili pakhomo wefuwefu. Ndinadutsa pakati pa anthu, n'kuyala diresi patebulo la timakapu, kunja kuli m'kati.

"Taonani! Pachifuwa sanamasule! Taonani thumba ili! Nsanza izi! Amayi aakulu sanakhalepo ndi pakati, inali mimba yonamizira! Amene anayambitsa zonsezi ndine, ndikhululukireni, koma palibe mwana anaphedwa!"

Ndinkayembekezera kuti aomba m'manja. Ndinacheuka kuti ndione Amayi aakulu akumwetulira. Anali atatsinzina, ngati munthu amene wamva galimoto ikubwera ndipo wadziwa kuti kothawira kulibe.

Kenako Amake mapasa analankhula, pang'onopang'ono.

"Chabwino, mwanawe, tamva. Koma mkazi savala mimba ya nsanza miyezi yonseyo pofuna kuseketsa anthu. Amatero kuti khanda likadzalira m'nyumba, oyandikana nawo asafunse. Nanga kachipewa unkanena kaja? Ngati mimba siinali yawo, ankabisa ya ndani?"

Apa m'pamene mawu a Amapini aja anamalizika m'mutu mwanga.

Kampando kanalira kumbuyo. Ababa anali atadzuka, akuyang'ana diresi lija.

"Mapewa amenewa ndikuwakumbuka," anatero. "Anatchuka chaka chimene ndinayamba kugwira zitsulo. Nthawi imeneyo makolo anu anali atamwalira, munkakhala awiriwiri m'nyumba ya lendi." Anatembenukira kwa Amayi. "Amake mwana, si chaka chija munandiuza kuti munadwala chifuwa, n'kukhala m'nyumba miyezi isanu osapita kusukulu?"

"Alamu, mwana anali wanga," Amayi aakulu anatero mwamphamvu. "Mtsikanayu mutu wake sukuyenda."

"Achemwali, basi."

Amayi anaimirira atagwira khoma. Mawu awo sanali aja okalipira amuna a ndevu. Anali ochepa ngati a mwana wasukulu.

"Anali wanga. Ndinali ndi zaka za mwana wangayu. Kusukulu akanadziwa akanandichotsa, ndipo Achemwali anali atadzimana zonse kuti ine ndiphunzire. Ananditsekera m'nyumba, iwo n'kuvala diresilo kuti msewu wonse uziona. Anali ndi chibwenzi, tsiku la ukwati litadziwika kale. Mwamunayo ataona mimba sanafunse n'komwe, anangopita. Mwana anabadwa, wamkazi. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Chikasu. Anamwalira m'chipatala, m'manja mwa Achemwali, atavala kachipewa kaja. Ine ndinabwerera kusukulu. Iwo ndi amene anapita kumanda ngati mayi wake. Iwo ndi amene ankalozedwa zala mpaka tinasamuka. Mukufuna kudziwa chifukwa chake ana anu amatonthola akawanyamula? Ndi chimenecho."

Amake mapasa anagwira pakamwa. Apampando anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, kupukuta, kupukuta.

"Zaka zisanu ndi zitatu," Ababa anatero, mawu ali pansipansi. "Zaka zisanu ndi zitatu tikuyenda m'zipatala kufuna mwana, anzanga akundinena kuti ndinagwa mumpapaya. Dokotala anakufunsani ine ndili pomwepo, kuti mayi, munakhalapo ndi pakati? Munayankha chiyani?"

"Ndinati ayi."

Anatenga chipewa chawo. Podutsa pa ine anaima. Ndinatseka maso kudikira mbama. Sanandimenye.

"Ndiye ndiwe," anangotero, n'kutuluka.

8

Ana anabwerera kusukulu. Lolemba anali makumi atatu, sabata inayo makumi anayi ndi anayi. Amake mapasa anabwera okha ndi ndowa kudzatsuka geti lathu. Makiyi akadali kwa Amayi aakulu.

Amene sanabwerere ndi Ababa. Miyezi iwiri tsopano akugona kushedi, pamatiresi, pakati pa mageti a eni ake. Ndimawapititsira chakudya masana. Amalandira, amati zikomo ngati kwa mlendo, n'kutsitsa chigoba chawo cha kumaso, moto wabuluu uja n'kuyamba kuthetheka. Amayi amasitabe malaya a Ababa Lamlungu lililonse n'kuwapachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Msomaliwo wayamba kupindika.

Chithunzi cha pachitseko cha saluni ndi cha Kandulo. Ine amandifunsa kuti, "Wailesi, mabatire atha?"

Sabata yatha ndinapeza phukusi pabedi langa. Diresi lobiriwira. Amayi aakulu anali atapita nalo okha kwa Amapini. Thumba anachotsa, lamba analumikiza, pamimba anabwezera pa mzere woyamba wa timabowo.

Anaima pakhomo la chipinda changa.

"Yesa."

"Amayi aakulu, chonde, sindingathe."

"Unalifuna. Vala."

Ndinavala. Linandigwira paliponse ngati khungu langa. Pagalasi ndinaona mtsikana wa mapewa njo, mabatani ali waliwali. Sindinakongolepo chotero chibadwire, koma ndinachotsa maso pagalasipo.

"Ndinasoketsa kuti ndikaonekere nalo kwa makolo a mwamuna uja," anatero. "Ndinalivala kamodzi kokha lili chonchi." Anandikonza kolala ndi zala zozizira. "Likukukhala. Koma ukaima padzuwa, timabowo timaoneka."

Atsikana anzanga amene mukuwerenga izi mutakhala pansi pa chowumitsira tsitsi, kapena mukudikira kuti akulukeni: zakale zabwerera, ndipo n'zokongola, sindikuti musavale. Koma chovala chimene munthu anachikulunga m'pepala n'kuchiika pansi pa mabulangete, sikuti anachiiwala. Akudziwa bwino lomwe pamene chili. Mukachipeza, kafunseni mwini wake, ndipo akati ayi, chibwezereni. Wamkulu akati dikira, ngakhale mapini ali pakamwa khumi, khalani pansi amalize kuwachotsa. Ine ndinathamanga kawiri, koyamba ndi theka la nkhani, kachiwiri ndi theka linalo, ndipo konse kuwiri ndinkadziona ngati wochenjera.

Dzulo nditapereka chakudya kushedi, Ababa sanatsitse chigoba chija. Anakhala akuyang'ana chivindikiro cha mbale.

"Mwana uja," anatero. "Wa masiku asanu ndi anayi. Anali ndi dzina?"

"Sindikudziwa, Ababa."

"Ukafunse mayi ako. Akakuuza, ubweretse kwa ine. Kwa ine ndekha. Ungathe?"

Ndinafunsa. Amayi analira kaye, kenako anandiuza. Sindikudziwa kuti Ababa akulifuniranji, kaya n'kuti abwerere, kaya n'kuti atsanzike bwino. Dzinalo lili pakamwa panga pano, likundiwotcha lilime ngati kale lija. Kuchoka kwathu kukafika kushedi, njira imadutsa pasaluni, ndipo Kandulo amakhala ali pakhomo.

Nsapato ndavala kale. Inu simulimva.